Guluu wa m'kati mwa ampu: ntchito yake n'chiyani, nanga amayamba liti kuwononga?

Mwezi wa Okotobala kuno ku Mangochi dzuwa limaswa mtengo, ndipo ndi nyengo yomweyo imene maukwati ndi zinkhoswe zimachulukana. Masipika sapuma. Loweruka lina m'mawa ndinali pabenchi kwa mmisiri wina wokonza mawailesi kufupi ndi msika wa pa Boma, pamene bambo wina wobwereketsa zimkuzamawu anatsika pa kabaza atafukata ampu, chipangizo chokuza mawu asanafike ku masipika, ngati mwana wodwala. Usiku wa dzulo lake, mchezo uli m'kati, ampuyo inayamba kuthetheka mbali imodzi, kenako n'kungoti zii.

Mmisiri anamasula masikuluwu n'kuchotsa chivundikiro. M'munsi mwa makapasita awiri akuluakulu, zipangizo zosunga magetsi, munali chinthu chabulauni, cholimba gwa, chonga shuga wopserera m'poto. Chinali chitayenderera mpaka kukwirira tizipangizo titatu ting'onoting'ono, ndipo timiyendo take tinali titachita dzimbiri lobiriwira. Kamwendo kamodzi kanaduka atangokakhudza.

"Makapasitawa ndiye aphulika eti, achimwene?" anafunsa mwini ampu.

"Ayi bambo, ali bwinobwino. Uyu ndi guluu, inachokera naye kufakitale," anatero mmisiri uja, uku akupala ndi nsonga ya sikuludiraiva.

Bambowo sanakhutire, ndipo sindiwaimba mlandu. Ambirife tikamva za guluu timaganiza za nsapato, chubu cha njinga kapena mbale yosweka. Zoti m'kati mwa chipangizo chamagetsi muli guluu woikidwa dala, komanso zoti guluu yemweyo angathe kuchipha, zimamveka ngati mmisiri akufuna pothawira. Chonsecho nkhaniyi imakhudza aliyense wodalira ampu: a kumzikiti amene chimkuzamawu chawo chimadzutsa mudzi m'bandakucha, a kwaya kutchalitchi, oonetsa mpira, ngakhalenso oimba m'malo ogona alendo kuyambira ku Makawa mpaka ku Cape Maclear.

Chifukwa chake guluuyo alimo

Zipangizo za m'ampu zimaima pabolodi lopyapyala, ndipo mwendo uliwonse umawotchereredwa ndi mtovu pa kanjira ka kopa. Ntchito ya mtovuwo ndi kudutsitsa magetsi. Kusenza katundu sunapangidwire, chifukwa ndi wofewa, ndipo ukamagwedezedwa kawirikawiri umachita ming'alu yosaoneka ndi maso. Kachipangizo kopepuka ngati njere ya mpunga kalibe nazo kanthu. Koma kapasita ya m'ampu ya paukwati imakula ngati batire lalikulu la tochi, ina kuposa pamenepo, ndipo imaima ndi timiyendo tochepa. Ikwezeni pa galimoto yamatola yopita ku Makanjira, kapena muikhazike pamwamba pa sipika imene besi yake ikunjenjemeretsa mawindo. Mutu wa kapasitayo umagwedera uku ndi uku, mphamvu yonse n'kumathera pa timiyendo tija. Waya amene mukumupinda n'kumuwongola mobwerezabwereza mukudziwa mathero ake. Palinso kutentha: ampu ikayatsidwa zonse za m'katimo zimafufuma pang'ono, ikazimitsidwa zimabwerera, ndipo chitsulo, pulasitiki ndi bolodi sizifufuma mofanana.

Guluu ndiye amalandira mtolo umenewo. Zili ngati dengu la usipa panjinga. Keliyala imalinyamula, koma chimene chimaliletsa kudumpha pa mabampu ndi labala womangira uja.

Kale sizinali choncho. M'maampu a mavalavu, aja ankayaka ngati mababu, zinthu zolemera zinkamangidwa ndi mabawuti ndi zingwinjiri pa chimango chachitsulo. Bolodi la tinjira ta kopa analiyambitsa ndi Paul Eisler, injiniya wa ku Austria amene ankakhala ku London, mu 1936, ndipo transistor, kachipangizo kokuza magetsi kamene kanalowa m'malo mwa mavalavu, inapangidwa ku Bell Labs ku America mu 1947. Ziwirizi zitafala, zipangizo zinasamukira pabolodi, ndipo mafakitale anaona kuti dontho la guluu ndi lachangu komanso lotchipa kusiyana ndi chingwinjiri ndi masikuluwu ake. Mpaka lero, mukatembenuza mabolodi ena mupeza timadontho tofiira pansi pa tizipangizo ting'onoting'ono. Timadonthoto tinaikidwa kuti tizipangizoto tisagwe pamene bolodi linkadutsa pamwamba pa mtovu wosungunuka kufakitale, ndipo ntchito yake inathera pomwepo.

Tisiyanitsenso zinthu ziwiri zimene m'sitolo zimakhala pashelefu imodzi. Pali chomata, chogwira zinthu ziwiri kuti zisasiyane, ndiye pali chotseka, choletsa madzi ndi fumbi kulowa. Okhoma maboti a matabwa amazidziwa bwino izi: misomali ndi imene imagwira matabwa, pomwe zimene amatsindira m'mipata n'kupakapo phula ndi zoletsa madzi. Zomatira zina zimagwira ntchito zonse ziwiri, koma si zonse.

Guluu wachikasu amene amasanduka bulauni

Amene anapezeka m'ampu ya bambo aja ndi wa banja limodzi ndi guluu wa osoka nsapato. Maziko ake ndi labala wopangidwa m'fakitale wotchedwa polychloroprene, amene akatswiri a kampani ya DuPont ku America anamutulukira mu 1930, n'kudzatchuka ndi dzina loti neoprene. Akadali watsopano amakhala wachikasu ngati uchi, wotanuka, wogwira mwamphamvu, ndipo sadutsitsa magetsi. N'chifukwa chake mafakitale ambiri a maampu, mawailesi ndi ma TV ankamukonda, makamaka m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, ndipo amapezekabe m'zipangizo zina za pambuyo pake.

Vuto lake limabwera ndi zaka pamodzi ndi kutentha. M'labala ameneyu muli klorini, dzina limene timalidziwira ku mankhwala a m'madzi akumwa. Akaphikidwa ndi kutentha kwa m'ampu chaka ndi chaka amayamba kuphwasuka. Amada, amauma ngati chikhokho, ndipo amatulutsa asidi wochepa kwambiri, amene akakumana ndi chinyezi cha mumpweya amadya kopa ndi timiyendo ta zipangizo. Aliyense anaonapo labala wa legeni amene wakhalitsa padzuwa, momwe amasinthira mtundu n'kuyamba kuthyokathyoka. Kusiyana kwake n'kwakuti uyu akusinthira pamwamba pa tinjira ta magetsi.

Chozunguza mutu kwambiri n'chakuti guluu wopsayo amayamba kudutsitsa magetsi. Ndi ochepa zedi, moti zikanakhala pa babu kapena pa ayironi simukanazindikira kanthu. Koma mbali ya ampu imene imalandira mawu imagwira ntchito ndi timagetsi tochepetsetsa n'kutikuza kambirimbiri. Kanjira kachinyengo kakatseguka pakati pa miyendo iwiri, ampu imakuza chinyengocho pamodzi ndi nyimbo. Mumamva kuthetheka, kapena mbali imodzi imachepa mphamvu, kapena ka relay, kasiwichi koteteza masipika, kamangodula mawu. Poti chinyezi chimawonjezera vutoli, ampu yotere imatha kuimba bwinobwino mu Ogasiti n'kuyamba kuvuta mu Januwale mvula ili pakati, mwini wake n'kumaganiza kuti ndi magetsi, mwinanso kuti wina waichita chipongwe.

Tsono mungasiyanitse bwanji guluu ndi kapasita yotayikira? Funsoli ndi lomveka, chifukwa makapasita amatayikiradi. M'kati mwake muli timalata ta aluminiyamu tokulungidwa pamodzi ndi pepala lonyowa ndi mankhwala amadzi, ndipo pakati pa 1999 ndi 2007 dziko lonse linaona makapasita ambirimbiri opangidwa ndi mankhwala olakwika akufufuma n'kutayikira m'makompyuta ndi m'zipangizo zina. Kapasita yodwala kawirikawiri imatukumuka pamutu, pamene pali mizere yonga X kapena K, kapena imakankha chotsekera chake cha labala kunsi n'kupendekeka. Guluu yekha amaoneka kuti anachita kuikidwa: amakwera m'mbali mwa kapasita kuchokera pabolodi, ndipo mukayang'anitsitsa mumupezanso pa mawaya ndi pa mapulagi pomwe palibe kapasita n'komwe. Mmisiri uja anandionetsa chizindikiro china. Kutali ndi malo otentha guluu yemweyo anali akadali wachikasu ndi wofewa, koma kufupi ndi ma transistor anali bii. Anaika nsonga ziwiri za mita yoyezera magetsi pa wakudayo, osakhudza chitsulo chilichonse, manambala n'kuyamba kuyenda. Pa wachikasu uja mita inangoti duu.

Ndiime kaye apa, chifukwa ena akawerenga izi athamangira kukatsekula ampu yawo. Makapasita akuluakulu amasunga magetsi ngakhale mutazula pulagi kukhoma. M'maampu amakono opepuka aja, opanda transifoma yolemera, muli kapasita imene imasunga mavoti opitirira 300 kuchokera pa mavoti 230 amene timalandira m'nyumba. Amenewo angathe kupha munthu. Mmisiri amayamba wawakhetsa magetsiwo asanaikemo chala.

Silikoni ndi fungo la viniga

Guluu wakale akapalidwa, chimene ambiri amafikira ndi silikoni, uja timamatira magalasi a mawindo ndi masinki. Dzinali analiyambitsa ndi Frederic Kipping, katswiri wa ku England, mu 1901, ndipo kampani ya Dow Corning, imene inakhazikitsidwa mu 1943, ndi imodzi mwa zimene zinamufikitsa pamsika. Msana wake ndi silicon ndi oxygen, zomwezo zimene zimapanga mchenga wa kugombe, n'chifukwa chake saopa kutentha. Amapirira madigiri pafupifupi 200, ndipo amakhalabe wofewa ngati labala kwa zaka zambiri. Kufewako n'kofunika, poti amameza kunjenjemera m'malo mokupatsira ku mtovu. Zoyera zonga labala zimene mumaziona m'machaja ndi m'maampu atsopano nthawi zambiri ndi iyeyu.

Koma silikoni alipo wa mitundu iwiri, ndipo akauma simungawasiyanitse ndi maso. Onse amauma pokoka chinyezi cha mumpweya, ndipo pouma amatulutsa kanthu kena. Wofala uja wa m'mahadiweya amatulutsa asidi wa viniga, moti mukangotsekula chubu fungo limakulasani m'mphuno. Pagalasi kapena pa matailosi palibe chimene chimawonongeka. Pa kopa ndi nkhani ina. Yesani nokha: dulani kachidutswa ka waya wa kopa, mukanyowetse ndi viniga, mukatsekere m'botolo kwa masiku angapo. Mudzakapeza katabiriwira. M'ampu imene yavundikiridwa silikoni asanaume, nthunzi ya asidiyo imasowa kothawira, ndiye imatera pa tinjira ta kopa, pa masiwichi ndi pa miyendo ya zipangizo. Ampu imachoka kwa mmisiri ikuimba bwino. Vuto limadzaonekera patapita nthawi, aliyense ataiwala kale za silikoni uja.

Wachiwiriyo pachubu pake amalembapo kuti neutral cure, koma nayenso ali pawiri. Wina pouma amatulutsa mpweya wonga sipiriti, ndipo ndi amene anapangidwira zamagetsi. Mawu oti alkoxy kapena non-corrosive ndi amene amamuzindikiritsa. Winayo, wolembedwa oxime, alibe fungo la viniga, koma m'malo otsekeka amathabe kudetsa kopa. Choncho mphuno imakuthandizani kukana woipitsitsa uja, koma kuti mutsimikize pamafunika kuwerenga zimene zalembedwa pachubu.

Kaikidwe kake nakonso kali ndi malamulo. Silikoni amauma kuchokera kunja kulowa m'kati, mamilimita awiri kapena atatu pa tsiku, ndiye chibuma chachikulu chimakhala chachiwisi m'kati kwa masiku. Timadontho tiwiri kapena titatu m'munsi mwa kapasita n'tokwanira, ndipo tisafike powotcherera, chifukwa pomwe silikoni wapakika mtovu sugwira. Pamutu pa kapasita saikapo chilichonse. Mizere ya X ija ndi khomo lothawira, lopangidwa dala kuti kapasita ikadwala ing'ambike pamenepo m'malo mophulika. Kuikwirira yonse kumaisungiranso kutentha. Pakhungu la makapasita ambiri pamalembedwa 85 kapena 105, kutanthauza madigiri amene angapirire, ndipo opanga ake amawerengera kuti kutentha kukakwera ndi madigiri 10, moyo wa kapasita umadulidwa pakati. Kwa ife a m'mphepete mwa nyanja muno, kumene kunja kokha kumapitirira madigiri 35 mu Okotobala ndi Novembala, masamu amenewa amatikhudza chaka chilichonse.

Guluu wa kandulo ndi supa guluu

Awiriwa ndi amene amapezeka msanga. Wooneka ngati kandulo uja, amene amasungunulidwa ndi kamfuti ka magetsi, ndi pulasitiki imene imalimba ikazizira basi. Palibe kusintha kwina kumene kumachitika m'kati mwake. Kutentha kukabweranso nayenso amafewanso, ngati majarini padzuwa. Wamba uja amayamba kufewa pa madigiri a pakati pa 60 ndi 80, ndipo m'mbali mwa chitsulo choziziritsira ma transistor, ampu ikulira tsiku lonse pansi pa tenti kapena malata, kutentha kumeneko kumafikika. Kutali ndi malo otentha, monga pogwirira waya kuti asamalendewere, amathandiza ndithu. Sadya kopa, ndipo dontho la sipiriti m'mphepete mwake limamumatula mosavuta tsiku lokonzanso.

Supa guluu anamutulukira ndi Harry Coover ku America mu 1942 pofufuza pulasitiki yoonekera yopangira zolozera mfuti. Anamusiya chifukwa ankamatirira paliponse, ndipo anadzayamba kugulitsidwa mu 1958 ndi kampani ya Eastman Kodak. Amagwira m'masekondi ochepa, koma akauma amakhala ngati galasi, losweka likagogodedwa. Pouma amasiya nkhungu yoyera imene imatera pa zinthu zoyandikana nazo, ndipo ikalowa m'chopotokola cha voliyumu kapena m'siwichi mawu amayamba kudukaduka. Akakhudzidwa ndi chowotcherera amatulutsa utsi wolasa m'maso. Pomata pulasitiki yosweka ya kunja kwa ampu angathandize, koma pabolodi si malo ake.

Epoxy ndi zipangizo zokwiriridwa

Epoxy ndi uja amabwera m'machubu awiri, n'kusakaniza. Pa chiyambi chake amatchulidwa kwambiri ndi Pierre Castan wa ku Switzerland ndi Sylvan Greenlee wa ku America, m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, ndipo dzina loti Araldite linatuluka m'zaka za m'ma 1940 momwemo. Ngati guluu wa kandulo ali ngati majarini, epoxy ali ngati konkire: ikasakanizidwa n'kuuma, palibe kubwerera. Mabolodi olimba aja otchedwa FR-4 ndi nsalu ya galasi yoviikidwa mu epoxy, ndiye sitinganene kuti ndi mdani wa zamagetsi. Chovuta ndi kulimba kwake. Safufuma mofanana ndi zipangizo zimene wazigwira, ndipo amatha kuzikoka mpaka kung'amba powotcherera. Tsiku losintha kapasita amanyamuka pamodzi ndi tinjira ta kopa.

Mafakitale ena amapita patsogolo. Amaika kabolodi konse m'kabokosi n'kuthiramo epoxy wakuda kapena polyurethane mpaka kudzaza, chotuluka n'kukhala kanjerwa kongotuluka mawaya. Opanga amati mulibe molowera chinyezi, mphemvu kapena nyerere, palibe chogwedera, ndipo mavoti akuluakulu sadumpha. Amisiri amayankha kuti kachipangizo ka mtengo wa mandasi kakapsa m'kati mwa njerwayo, njerwa yonse ndi yotaya, ndipo yatsopano muyenera kuitanitsa ku Blantyre kapena kunja. Onse akunena zoona. Nthawi zinanso kukwirira kotere cholinga chake chimakhala kubisa kapangidwe kuti ena asakopere.

Transifoma ili ndi chomatira chakechake. Mtima wake ndi timalata topyapyala tambirimbiri tosanjikizana, ndipo magetsi athu a ESCOM, amene amatembenuka ka 50 pa sekondi, amatinjenjemeretsa ka 100 pa sekondi. Kufakitale amaviika transifoma mu vanishi n'kuiumitsa mu uvuni kuti timalatato ndi mawaya zikhale chinthu chimodzi. Vanishiyo akatha mphamvu mumamva kung'ung'udza kochokera m'bokosi momwemo, ngakhale masipika mutawazula.

Phala loyera la pansi pa transistor

Apa m'pamene anthu amasokonezeka kawirikawiri. Ma transistor akuluakulu amamangidwa ndi sikuluwu pa chitsulo cha aluminiyamu chokhala ndi zipsepse ngati za chambo, ndipo pakati pawo pamakhala phala loyera. Phalalo silimata. Ndi mafuta a silikoni osakaniza ndi ufa wa zinc oxide, ndipo ntchito yake ndi kudzaza timaenje tosaoneka timene tili pa nkhope ziwirizo. M'timaenjemo mukakhala mpweya kutentha kumadutsa movutika, chifukwa pa nkhani yodutsitsa kutentha aluminiyamu amaposa mpweya kuwirikiza masauzande. Phalalo limaposa mpweya kwambiri koma silifika pa chitsulo, choncho limafunika lopyapyala ngati mafuta odzola pakhungu. Kawirikawiri pamakhalanso kapepala koonekera ka mica, koletsa magetsi a transistor kulowa m'chitsulomo. Kakasweka kapena kuiwalika, ampu imatha kupsa pongoiyatsa. Mankhwala otsukira mano, ngakhale ndi oyera mofanana, ali ndi madzi amene amauma n'kusiya choko chopanda ntchito.

Timadontho tofiira kapena tobiriwira ta pamitu ya masikuluwu ndi pa tizopotokola ting'onoting'ono ta pabolodi ndi utoto woletsa kumasuka, umenenso umaulula ngati wina anagwirapo. Amisiri ena amaikapo kyutekisi, ndipo pa ntchito imeneyi amakwanira. Palinso mankhwala othira m'mazinga a bawuti, amene Vernon Krieble anawatulukira ku Connecticut mu 1953 n'kudzatchuka ndi dzina la Loctite. Amauma akasowa mpweya pakati pa zitsulo, koma akadonthera pa mapulasitiki ena amawachititsa ming'alu.

Vanishi wa pabolodi

Chotseka chenicheni m'ampu ndi kakhungu koonekera kamene amapopera pabolodi lonse, kosachindikala kuposa tsitsi limodzi. Pachitini pake amalembapo kuti conformal coating. Kamagwira ntchito ngati vanishi wa patebulo, ndipo maampu ambiri opangidwira m'maboti amabwera atapakidwa kale. Mwayi wathu ndi woti nyanja yathu ilibe mchere, ndiye mpweya wake sudya zitsulo ngati wa ku Beira kapena ku Dar es Salaam. Komabe fumbi la m'chilimwe likakhala pabolodi n'kukoka chinyezi cha m'dzinja limasanduka njira ya magetsi, ndipo zitosi za mphemvu ndi za analimata zimachitanso chimodzimodzi. Vanishi wa acrylic ndi amene amayenera zinthu zodzakonzedwanso, chifukwa amasungunuka ndi mankhwala ndipo chowotcherera chimamuboola. Bolodi liyenera kukhala loyera ndi louma asanapake, apo ayi chinyezi chimatsekeredwa m'kati. Mapulagi, masiwichi ndi zopotokola zimaphimbidwa kaye, poti vanishi akalowamo magetsi sadutsanso.

Zimene amisiri sanagwirizanebe

Funso loyamba ndi la guluu amene akadali wachikasu ndi wofewa. Amupale kapena amusiye? Ena amati nthawi yake idzakwana basi, ndiye ndi bwino kumuchotsa ampu ili kale yotsekula. Ena amati kupala kumadula tinjira ndi tizipangizo tabwinobwino, ndipo guluu wokhala kutali ndi malo otentha amatha kukhala zaka osasintha. Kupala bolodi lonse mosamala kumadya maola, ndipo maolawo wina ayenera kuwalipira.

Akachotsedwa, nanga abwezeretsepo wina? Ampu imene imakhala pashelefu mumzikiti kapena pabalaza chaka chonse sikumana ndi mabampu, ndipo alipo amene amati imeneyo ingokhala opanda guluu. Yoyenda sabata iliyonse pakati pa Namwera, Malindi ndi Monkey Bay ndi nkhani ina. Pa yotereyi ena amakhulupirira silikoni woyenera, ena amati tizingwe ta pulasitiki tomangira mawaya kapena chingwinjiri chachitsulo ndi zabwino koposa, chifukwa mulibe mankhwala amene angadzasinthe.

Palinso funso la guluu wa masiku ano. Opanga amamuyesa pomuika m'mauvuni otentha ndi achinyezi kwa masabata, kenako n'kuwerengera kuti angakhale zaka zingati. Kodi mayeso a masabata angalosere bwino zimene zidzachitike m'ampu imene yalira zaka makumi awiri m'nyengo yonga yathu? Guluu wachikasu uja nayenso ankaoneka wabwino tsiku limene ankaikidwa.

Ndiye pali za pamsika. Mmisiri wa pa Chimwala kapena pa Makawa akafuna silikoni wa zamagetsi m'kachubu kakang'ono ka mtengo wofikirika, adzamupeza pafupi, kapena eni mahadiweya adzapitiriza kusunga wa mawindo yekha poti ndi amene amayenda malonda? Bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa mu 1972, ndi limene limaona za miyezo ya katundu. Kodi wogula angadalire mpaka pati zolembedwa pachubu chilichonse chimene chili pashelefu? Nanga m'maphunziro a zamagetsi a pansi pa TEVETA, ndi pa mabenchi pamene anyamata ambiri amaphunzirira poonerera, phunziro la zomatira liyenera kupatsidwa malo otani? Kunja nako nkhani ikuyenda. Mu 2024 bungwe la European Union linakhazikitsa lamulo lopatsa ogula ufulu wokonzetsa katundu wina monga mafoni, mafiriji ndi makina ochapira. Kodi mphepo imeneyo idzafika pa maampu, n'kuchepetsa njerwa za epoxy zija m'katundu amene amafika kuno?

Ampu ya bambo aja inadzuka. Mmisiri anapala guluu wakuda yense, anatsuka bolodi ndi sipiriti, anasintha tizipangizo titatu tija, mbali zonse ziwiri n'kuyamba kuimba. Anali nako kachubu ka silikoni wopanda fungo la viniga, koma anafuna kuti chivundikiro chikhale chotsekula mpaka mawa lake.

"Mpaka mawa? Achimwene, akwati akulowa muholo 2 koloko," anatero bambowo akuyang'ana foni.

Anagwirizana zomanga kaye makapasitawo ndi tizingwe tiwiri ta pulasitiki, kuti ampu ibwerenso Lolemba adzaikepo silikoni. Pamene wakabaza ankapalasa kulowera ku mlatho wa Bakili Muluzi, awiriwo anali asanamvanebe ngati ntchito ya Lolembayo ili m'mtengo wa lero kapena ndi yolipira payokha.